Babu lakumanzere likungopsa pa Vitz yanga, ndithandizeni

Abale anga pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za magetsi a galimoto. Ndili ndi Toyota Vitz ya 2009. Babu la nyale yakutsogolo, mbali yakumanzere, lapsa katatu m'miyezi iwiri yokha, pomwe lakumanja ndi lomwe lija linabwera ndi galimoto. Loyamba anandiikira mnyamata wina pamalo ogulitsira zitsulo za galimoto, silinathe masabata atatu. Ulendo wachiwiri wogulitsa anati nditenge la 100/90W, akuti ndiye lolimba. Linawaladi, koma tsiku lina ndinamva fungo la pulasitiki wopserera, ndipo posakhalitsa linazima. Lachitatu ndinaika ndekha.

Lachisanu usiku ndikuchokera ku Dedza pa M1, ana anga awiri ali kumbuyo, nalonso linathima. Chakwa Nathenje ndinangotsala pang'ono kugunda bambo wina wa njinga atanyamula matumba a makala. Mbali ya m'mphepete mwa msewu ndinkangoona mdima, ndinamuzindikira ndili naye pafupi kwambiri. Mtima sunakhale m'malo mpaka pano. Kodi vuto ndi mababu abodza kapena galimotoyo? Ena akuti ndiike a LED. Komanso indiketa yakumanja yayamba kuphethira mothamanga.

Wa magetsi a galimoto, Biwi: Pepani mayi, tithokoze Mulungu kuti zinathera pomwepo. Galimoto yanu imafuna babu la H4 la 12V, 60/55W, lamiyendo itatu, lomwe limagwira dimu ndi fulu pamodzi. La 60W limakoka pafupifupi ma amp 5, la 100W limaposa 8, ndipo mawaya ndi soketi za Vitz sanazipangire katundu wotero. Fungo munamva lija ndi soketi inkasungunuka. Ikatero timano tamkuwa m'katimo timakhwepa, moto umadumphadumpha, pamatentha, ndiye ngakhale mutagula babu labwino bwanji lipsabe. Tsegulani boneti, zulani soketi kuseri kwa nyale muione. Ngati yada kapena yapindika, wa magetsi aidule aike yatsopano, alumikize powotcherera ndi soda, osangopota mawaya n'kukulunga tepi.

Alutaneta, yomwe imatchaja batire injini ikamalira, sindikuikayikira kwenikweni, chifukwa ikamapereka moto wopitirira imaotcha mbali zonse. Komabe kuyeza sikuvuta: injini ikulira, pa batire payenera kuonetsa pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Ikafika 15V pali vuto.

Dalaivala wa takisi, Mzuzu: Funso langa ndi loti, poika lija munagwira pagalasi la babu? Mababu a halogen amatentha kwambiri, ndipo mafuta a m'zala akatsalira pagalasi pamenepo pamapsa msanga. Gwirani kuchitsulo kokha. Mukakhudza mwangozi, pukutani ndi kansalu koyera konyowetsa ndi spirit, liume kaye.

Mwini funso: Ndinagwiradi pagalasi bambo, sindinkadziwa. Ndapita kukaona panopa: soketi yada mbali imodzi ngati khala. Chinanso, kumanja kuseri kwa nyale kuli chirabala chozungulira, koma kumanzere kulibe. M'kati mwa nyaleyo mukuoneka timadontho ta madzi.

Wa magetsi a galimoto, Biwi: Eya, ndiye tagwira poyambira. Anaiwala kubwezera rabala tsiku loyamba lija. Ntchito yake ndi kutsekereza fumbi ndi madzi, ndipo dontho lozizira likagwera pa babu lotentha galasi limang'aluka. Mupeze ina, ngakhale ya pa galimoto yophwasula. Nyaleyo iume kaye m'kati musanatseke. Poika, babu lili ndi timapiko titatu tolowa njira imodzi yokha, musakakamize. Kolani kasipiringi kaja mpaka babu lisagwedere, chifukwa logwedera limaduka ulusi wake m'mabampu. Kenako rabala, pomwe palembedwa TOP paloze kumwamba, pomaliza soketi.

Mayi wina wa ku Zomba: Ine ndinaika a LED pa Passo yanga, akuwala ngati masana. Ingoikani amenewo achemwali, muiwale zopsa.

Woyendetsa thiraki, Mwanza: Mayi a ku Zomba mundikhululukire, koma pamenepa sindikugwirizana nanu. Ife oyenda usiku ndi amene timavutika nawo. Mbale yonyezimira ya m'nyale ya halogen anaiumba potengera pomwe pali ulusi wa babu. Mukaikamo LED yotchipa kuwala kumangomwazika, inu mukuona ngati kwawala chifukwa n'koyera, koma wobwera kutsogolo mwamuthobwa m'maso, ndipo sangaone munthu woyenda pansi kumbali kwake. Mukufuna kudziwa zoona zake? Imikani galimoto moyang'ana khoma usiku, muyatse dimu. Kuwala kuyenera kudulika mzere wowongoka, n'kukwera pang'ono chakumanzere, popeza ku Japan amayenda kumanzere ngati ife. Ngati palibe mzere, mukupweteka anzanu.

Dalaivala wa takisi, Mzuzu: Za indiketa zija n'zosavuta. Ikamaphethira mothamanga ndiye kuti babu limodzi mbali imeneyo lafa, kutsogolo kapena kumbuyo. Yatsani muzungulire muone. Ambiri amakhala a 21W, koma tengani lakale lija popita kogula chifukwa matako ake amasiyana. Pomwepo mwana aponde buleki inu muli kumbuyo, muonenso kanyale ka pa nambala. Zimenezi amaziona pa COF, poyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Ndipo fyuzi ikapsa muike ya nambala yomweyo, osalola wina amangepo waya.

Mwini funso: Zikomo nonse. Lero ndinapita kwa wa magetsi, wasintha soketi, tapeza rabala, batire ikuonetsa 14.2V. Indiketa linali babu lakumbuyo. Ndagula ma H4 awiri a 60/55W, limodzi ndasunga m'galimoto m'kabokosi kake. Koma pakhoma paja kuwala kwakumanzere kwakwera kuposa kwakumanja. Ndingakonze ndekha?

Wa magetsi a galimoto, Biwi: Musanagwire zomangira zowongolera nyale, tulutsaninso babulo muone ngati timapiko tonse titatu takhala m'malo mwake. Kawirikawiri limakhala lapendekeka. Likakhala bwino koma mzere uli wokwerabe, bwererani kwa amene anakukonzerani madzulo kukada, akawongole pamalo athyathyathya.