Nyemba za veji zinaphikidwa ndi vimbombo, manje tiwayankhe chani makasitomala?

Supavaiza wa ku Rhodes Park:
Anzanga a m'makhitchini a mu Lusaka mwaswera bwanji. Pali nkhani yandisowetsa tulo kuyambira Lachisanu ndipo abwana akufuna yankho pofika Lolemba, ndithandizeni nzeru.

Pa lanchi panabwera banja la amwenye anthu 4, agogo aakazi, mwana wawo wamwamuna, mkazi wake ndi kamdzukulu. Bamboyo ananena momveka bwino kuti amayi ake sadya nyama iliyonse, nsomba ayi, mazira ayi. Weita wathu ndi mtsikana wangotha miyezi 3 pa ntchito, analemba "veji" pa oda n'kuwabweretsera mpunga, nyemba ndi chibwabwa chotendera. Chimene sanadziwe n'chakuti m'mawa malaiti anazima, ashefu anasamutsira zonse pa mbaula ziwiri, ndiye poopa kutha malasha anaphatikiza nyemba ndi vimbombo (mapazi a ng'ombe) mupoto mmodzi, zitapsa anavuula vimbombo n'kuika padera. Kwa iwo nyemba zija zinabwerera kukhala nyemba basi.

Ine ndinali chapafupi ndi tebulo. Ndinaona agogo aja atafuna kamodzi, kawiri, kenako aima, atulutsa kafupa kakang'ono ngati njere ya chimanga n'kukaika m'mphepete mwa mbale. Sanakuwe, sanaitane munthu. Anangoika supuni pansi, kumwa madzi manja akunjenjemera, n'kukankhira mbale pakati pa tebulo. Bamboyo analipira bilu yonse K640 n'kutuluka. Ine pakamwa panangouma, sindinapite n'komwe kukapepesa, ndipo chimenecho ndi chomwe chikundiwawa.

Dzulo bamboyo watumiza meseji yaulemu kwambiri. Akuti amayi ake sanalawepo nyama chibadwire, akufuna kudziwa chabe kuti linali fupa la chani, ndipo sakudziwa ngati adandaule kapena angozisiya chifukwa safuna kuti mtsikana uja achotsedwe ntchito. Abwana akuti tiwauze kuti kanali kamwala ka m'nyemba, tiwapatse vocha ya chakudya chaulere, ndipo ngati tibweza K640 ija idulidwe pa malipiro a weita. Mtima wanga ukukana zonsezi koma ntchito ndikuifunabe.

Amayi a ku Matebeto, Thornpark:
Mwanawe pepa. Koma ndisanakambe zambiri, ashefu anuwo musawaone ngati mfiti. Ife tinakula tikudziwa kuti nyama ndi nthuli, chija umatola ndi dzanja n'kuluma. Kwathu ku Katete mwana akati lero sindifuna nyama amayi amangomuthirira supu pa mbale yake nkhani yatha. Kapenta mu repu sitimawerenga ngati nyama, ndi chokometsera chabe ngati tomato. Ndaphika zaka zoposa 20 ndipo ineyo ndinaphunzira mochedwa kuti pali anthu amene kwa iwo ngakhale chipande chimene chalowa mu supu ya nkhuku chisakhudze ndiwo zawo. Ndiye vuto lili pa mawu akuti "veji" aja, weita anamva china, ashefu anamva china.

Shefu wa ku Kabulonga:
Amayi mwanena zoona koma za kamwala zija ayi ndithu. Munthu wa zaka zimenezo amene wasankha nyemba m'lichero moyo wake wonse sangalephere kusiyanitsa mwala ndi fupa, anadziwa kale, akufunsa kuti aone ngati muli anthu oona mtima. Komanso kumbukirani kuti vimbombo ndi mapazi a ng'ombe, ndipo kwa Ahindu ng'ombe ndi yopatulika, si nkhani ya kukoma kapena kuonda ayi. Mwina agogowo akufuna kudziwa kuti akachite mapemphero awo moyenera, inu mukawanamiza mwawalanda ndi mwayi umenewo.

Vocha nayo ndi yolakwika. Munthu wasiya mbale yanu manja akunjenjemera ndiye mukumuitana adzadyenso kwa inu mwaulere?

Manijala wa ku Longacres:
Ine ndikambeko mbali ina ngakhale mundida. Meseji imene mungalembe kuti "linali fupa la ng'ombe" mawa ili pa Facebook, ndipo mumadziwa mmene amalonda achimwenye a ku Kamwala amadziwirana, banja limodzi likakhumudwa mwataya matebulo 10. Sindikuti munamize za mwala, koma mungathe kungoti pepani panachitika cholakwika m'khitchini, ndalama zanu nazi, osatchula kuti nyama yanji. Abwana anuwo akuopa lendi ndi malipiro a anthu, si kuti ndi oipa mtima.

Shefu wa ku Kabulonga:
Achimwene, bamboyo wafunsa funso limodzi lokha, fupa la chani. Mukalizemba adziwa kuti mwazemba. Ndipo munthu amene akuda nkhawa ndi ntchito ya weita si munthu wothamangira pa Facebook, akanafuna akanajambula kafupa kaja pompo.

Weita wa ku Great East Road:
Ine chandikhudza ndi cha mnzanga uja. Ife maweita timanyamula mbale, sitiona m'kati mwa poto. Mtsikanayo anamva oda, analemba veji, anatenga ndiwo zimene menyu ikuti ndi nyemba. Walakwa pati? K640 kwa weita ndi ya minibasi ndi ufa, mwina ndi lendi yomwe. Zoterezi zikachitika kamodzi maweita amayamba kubisa zolakwika, wina amachotsa nthuli m'mbale ndi foloko pa kolido n'kuibweza ku tebulo ngati yatsopano, ndinazionapo ndi maso anga ndipo chifukwa chake chinali mantha omwewa a kudulidwa.

Wa akaunti ku Northmead:
Asisi a supavaiza, auzeni abwana mwaulemu zinthu ziwiri. Choyamba kudula malipiro a munthu kuli ndi malamulo ake mu Employment Code Act ya 2019, si zongodzuka n'kudula chifukwa mwakwiya, mtsikanayo akapita ku ofesi ya boma ya Labour nkhani ikula kuposa K640. Chachiwiri kasitomala ali ndi kokadandaula, kuli CCPC imene imayendetsa lamulo la 2010 loteteza ogula, kulinso a zaumoyo a ku khansolo amene amayendera makhitchini athu, ndipo Food Safety Act ya 2019 ilipo. Kulakwitsa poto pa tsiku lopanda malaiti munthu angamvetse. Koma bodza lolembedwa pa foni limakhala pompo, ndipo ilo ndi limene lingakupwetekeni.

Wa ketaling'i ku Chilenje:
Ndikambeko ngati kasitomala chifukwa ine ndine wa Sabata ndipo ndinasiya nyama zaka 12 zapitazo, si onse a mpingo wathu amene anasiya koma ine ndinasiya. Tsiku lina pa lesitilanti ina m'tauni ndinaitanitsa ma samusa a masamba, kuluma koyamba ndamva minsi. Ndinayang'ana weita, kamnyamata koonekeratu kuti katopa, ndinamva chisoni, ndinakulunga samusa mu tishu n'kulipira n'kupita. Sindinabwererenso kumeneko. Patapita miyezi mnzanga wina wa kumpingo anandiuza kuti zomwezo zamuchitikira pamalo pomwepo, ma samusa a nyama ndi a masamba amawapinda mofanana n'kuwaika mu thileyi imodzi. Ndinadziimba mlandu, ndikanalankhula tsiku lija mnzangayo sakanadya.

Ndiye bamboyo akamafunsa kuti ndidandaule kapena ayi, muuzeni kuti wachita bwino kulemba ndipo mukuthokoza. Ambiri a ife timangochoka mwakachetechete, inu mumangoona tebulo lija silidzadzanso osadziwa chifukwa. Amene wakuuzani wakupatsani mpata wokonza. Ine masiku ano ndimalankhula, motsitsa mawu, kwa manijala osati kwa weita, ndipo ndimayamba ndi kunena kuti sindikufuna munthu alangidwe.

Shefu wa ku Kabulonga:
Eya. Manje tikambe za kukonza chifukwa vimbombo n'zooneka, zoopsa ndi zobisika. Makyubu a sitoko amene timaponya mu chilichonse, ambiri ndi a nkhuku kapena ng'ombe, werengani lebulo. Ma soya pieces amene timathamangira kupatsa a veji, soyayo payokha ilibe vuto koma kapaketi ka zokometsera kamene kamabwera nayo muwerengenso, ndipo ena timaiphika mu supu yotsala ya nyama kuti ikome. Worcestershire sauce ya Lea & Perrins ili ndi tinsomba ta anchovy. Oyster sauce ndi fish sauce mu stir fry, dzina likunena lokha koma timaiwala. Jelatini wa mu jeli ndi ma cheesecake ena amachokera ku zikopa ndi mafupa a nkhumba kapena ng'ombe, apa ndi Asilamu omwe akhudzidwa. Chizi cha Parmesan chenicheni chimapangidwa ndi rennet, choumitsira mkaka chochokera m'mimba mwa thole. Ndiye furaya, chipisi chokazingidwa m'mafuta amene mwangotulutsamo soseji kapena nkhuku.

Ndipo si chipembedzo chokha. Munthu amene thupi lake limadana ndi nsomba, kapenta wopera amene mwathira mu delele angamutupitse kukhosi mpaka kuchipatala. Ife amene timaika nsinjiro mu ndiwo zambiri tizikumbukanso kuti pali ena nshawa zimawachita chimodzimodzi.

Kwathu tinachita chonchi. Mapoto awiri ndi masupuni ake tinawamanga tepi yobiriwira pa chigwiriro, nyama siyandikira. Nzeruyi ndinaitenga pa mapaketi ochokera ku India amene amagulitsa ku Kamwala, a zamasamba amakhala ndi kadontho kobiriwira m'kabokosi kobiriwira, ndiye makasitomala achimwenye akaona chizindikirocho pa menyu amachidziwa msanga.

Amayi a ku Matebeto, Thornpark:
Za tepi ndazikonda. Koma ana inu musaiwale kuti ndiwo zathu zambiri n'za masamba kale, sitifunika kuvutika ndi za m'mabotolo. Chibwabwa chotendera, kalembula, bondwe, impwa, katapa, bowa nthawi ya mvula, nyemba za kabulangeti zophika ndi tomato ndi anyezi basi. Chikanda anthu amachitcha polony koma mulibe nyama, ndi timizu take ta m'nthaka, nshawa, soda ndi tsabola. Chongofunika ndi kuziphika pazokha ndi mthiko wake. Ine nyemba ndimaphika poto wamkulu wopanda kanthu, zikapsa ndimapungulako theka n'kuthiramo supu ya vimbombo kwa okonda. Malasha ndi omwewo, mbaula ndi imodzi yomweyo.

Weita wa ku Great East Road:
Amayi apo mwatithandiza. Mbali yathu ife, manijala anatiphunzitsa kuti munthu akati veji tisangolemba, tifunse: nsomba ndi kapenta mumadya? mazira? mkaka ndi chizi? anyezi ndi adyo? Poyamba ndinkaona ngati ndikuvutitsa kasitomala koma amasangalala kuti wina wafunsa. Pali a chipembedzo cha Jain amene sadya anyezi, adyo ngakhale mbatata, pali ma Rasta odya ital, zakudya zachilengedwe zopanda nyama, ndipo nthawi ya chikondwerero cha Navratri cha mu Seputembala kapena Okutobala Ahindu ambiri ngakhale odya nyama amaisiya masiku 9. Akatolika nawo pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera nyama ayi koma nsomba amadya. Aliyense ndi zake, ndiye mayankho ndimalemba pa oda momwemo ndipo ashefu amanena mokweza kuti amva ndisanachoke pa windo.

Manijala wa ku Longacres:
Chabwino ndagonja pa za fupa, auzeni. Koma musalembe pa meseji, imbani foni kapena pitani, mawu a pakamwa amamveka kuti munthu akupepesadi. Ndipo abwana akhalepo, isakhale ngati supavaiza wapita mobisa. Mukawauza za Labour ndi CCPC muyambe ndi za tepi yobiriwira ndi poto wa amayi uja, bwana amamva msanga akaona kuti kukonza sikumudyera ndalama.

Supavaiza wa ku Rhodes Park:
Ndabwera kudzakuuzani mmene zathera. Lolemba m'mawa ndinakhala pansi ndi abwana, ndinayamba ndi za mapoto monga munanenera achimwene a ku Longacres, kenako za malamulo. Anakhala chete nthawi ndithu, kenako anati imbani ndili pompano. Ndinamuuza bamboyo zonse, malaiti, mbaula, vimbombo, kuti ndi ng'ombe, kuti weita sanadziwe, komanso kuti ine ndinaona amayi ake akuika supuni pansi ndipo ndinalakwa kusabwera. Anapuma mozama pa foni. Anati amayi anadziwa kale tsiku lomwelo, ndipo awauza madzulo akaweruka. Ndalama anakana kulandira, anati tigulire mapoto. Sananene ngati adzabweranso ndipo ine sindinafunse.

Mtsikana uja sanadulidwe kanthu. Ashefu anakhumudwa kwambiri atamva kuti ng'ombe ndi chani kwa agogo aja, iwo eni ndi amene apempha kuti mawa tipite limodzi ku Kamwala tikagule mapoto awiri, masupuni ndi thabwa lodulirapo masamba. Furaya yachiwiri abwana akuti idikire kutha kwa mwezi, ndiye pakadali pano chipisi cha a veji tizikazinga pa pani ndi mafuta atsopano. Ashefu a ku Kabulonga, tepi imene mumamanga ija ndi ya mtundu wanji yosasungunuka pa mbaula?

Shefu wa ku Kabulonga:
Pa mbaula tepi siikhalitsa asisi, ija ndi ya masupuni ndi mapoto a pa gasi. Pa mapoto a pa malasha pakani penti yobiriwira kunja pa chigwiriro ndi pamwamba pa chivundikiro, iume masiku awiri musanaphikire.