Kapeti ya agogo ija yagulidwa

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditafunsa za kagulitsidwe ka kapeti yoluka pamanja ndi bokosi lakale la mlombwa zomwe agogo anatisiyira kuno ku Mangochi. Ndinatsatira malangizo a mayi aja amene anati kapetiyo ndisaichape ndi sopo, ndingoikuntha fumbi pamthunzi.

Ndinapita nazo ku okushoni ku Blantyre, ndipo ine ndi eni okushoniwo tinayamba talemberana mtengo wosatsikirapo. Kapeti inagulidwa tsiku lomwelo. Bokosi silinafike pa mtengo wake, ndiye ndabwerera nalo. Kunena zoona mtima wanga wakhala pansi, chifukwa agogo ankasungiramo Qur'an yawo.

Amene mukufuna kugulitsa, funsiranitu za komishoni, poti amadula pa ndalama zanu zomwezo. Katunduyo mujambuleni mbali zonse musanamusiye m'manja mwawo.