Kodi nkhawa ingaumitse milomo?

Mayi wa ku Luchenza: Abale, chiyambireni kuvutika ndi ngongole mu June, milomo yanga ikuuma ndi kung'ambika mpaka kutuluka magazi, ngakhale ndimamwa madzi okwanira. Kodi nkhawa ingachititse zimenezi?

Bambo wa ku Chitakale: Pepani mayi, zimatheka ndithu. Munthu akapanikizika maganizo malovu amachepa, amapumira m'kamwa, ndiponso amanyambita kapena kuluma milomo mosazindikira. Malovuwo akauma amasiya milomo youma kuposa kale, popeza khungu lake ndi lopyapyala ndipo lilibe mafuta akeake olitchinjiriza.

Mayi wa ku Thyolo: Musaiwalenso mphepo yozizira ya nyengo ino, imene imatisautsa ife olawirira kuminda ya tiyi. Muzidzola Vaseline musanagone.

Agogo a ku Mulanje: Mwanangu, ngati mwang'ambika m'mbali mwa kamwa, kapimitseni magazi kuchipatala, chifukwa kuchepa kwa ayironi kumachititsanso zimenezo, ndipo mukawafotokozere a dokotala za nkhawayo osabisa.