Mphatso ya Agogo: bolodi la chesi

Amayi: Mwaswera bwanji nonse. Dzulo ndinakacheza ndi Bambo. Chimwalirireni mnzawo amene ankasewera naye chesi uja, amangokhala pampando tsiku lonse, wayilesi ili chilankhulire koma sakuimvera n'komwe. Mwezi wamawa akukwanitsa zaka 78. Ndimati tigwirizane mphatso imodzi m'malo moti aliyense agule yake.

Amalume: Taswera bwino achemwali. Inuyo mukuganiza zotani?

Amayi: Afotokoze mphwanuyu, ndi amene anabwera ndi ganizo.

Ine: Amalume, ndimaganiza bolodi latsopano la chesi, lalikulu ndithu. Lakale lija kavalo mmodzi anasowa, ndiponso zidutswa zake n'zazing'ono, Agogo amachita kuyandikitsa nkhope kuti aone. Koma bolodi lokha silithandiza ngati mbali inayo kulibe munthu. Ndiye tigawanenso masiku okasewera nawo.

Amayi aang'ono: Musandimve molakwa, koma zaka 78 si zochepa. Chesi imatopetsa mutu, Bambo ali ndi BP. Sitikuwasenzetsa katundu? Masiku ano amene ndimamva kuti akupambana ndi ana okhaokha.

Achimwene: Za anazo n'zoona Amayi aang'ono. Gukesh wa ku India anakhala katswiri wa dziko lonse mu December 2024 ali ndi zaka 18, atagonjetsa Ding Liren ku Singapore. Magnus Carlsen naye anatenga mpandowo mu 2013 ali ndi zaka 22. Ofufuza amene anaunika masewera a akatswiri anapeza kuti munthu amafika pachimake cha m'ma 35, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Chimene chimayamba kuchepa ndi liwiro lowerengera mayendedwe m'mutu, komanso mphamvu yokhala maola ambiri osasokonezeka. Zimene munthu anaphunzira ndi kuzolowera, zimenezo zimakhalitsa.

Msuweni: Ndiponso ife sitikukonzekeretsa Agogo mpikisano wa dziko lonse ayi. Ngakhale zitatero, akuluakulu sanathe ntchito. Emanuel Lasker pa mpikisano wa ku Moscow mu 1935 anali ndi zaka 66, anamaliza pa nambala 3 osagonja masewera ngakhale amodzi, pamwamba pa Capablanca, amene anakhalapo katswiri wa dziko lonse. Vasily Smyslov mu 1984 ali ndi zaka 63 anafika m'ndime yomaliza yosankha wokalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, anagonja kwa Kasparov amene anali mnyamata woti akanatha kukhala mwana wake. Koma ine amene amandigwira mtima ndi Viktor Korchnoi. Mu 2011 ku Gibraltar, ali ndi zaka 79, anagonjetsa katswiri wachinyamata Fabiano Caruana, ndipo chaka chomwecho anakhalanso katswiri wa dziko la Switzerland. Zaka 79! Agogo sanafikepo.

Amalume: Bambo ndi amene anandiphunzitsa ndili mwana, ndipo mpaka chaka chatha ankandigonjetsabe. Mutu wawo uli bwino. Chimene asowa ndi mnzawo.

Amayi aang'ono: Ndiye mukutanthauza kuti chesi imatalikitsa moyo?

Msuweni: Yuri Averbakh anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 100.

Achimwene: Iyayi msuweni, tisawalonjeze zimenezo. Munthu mmodzi si umboni. Chimene chilipo ndi ichi: mu 2003 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa anthu 469 opitirira zaka 75. Amene ankakonda kuwerenga, kusewera masewera a pa bolodi, kuimba zida kapena kuvina, ochepa mwa iwo ndi amene anadzadwala matenda oiwalaiwala poyerekeza ndi anzawo. Komabe n'kuthekanso kuti amene mutu wawo unali kale bwino ndi amene ankapitiriza masewerawo. Ine chimene ndikuchiona ndi maso n'choti Agogo akakhala ndi wocheza naye amaseka, amalankhula, amafunsa za aliyense. Kukhala okha kuja ndi kumene kukundiopsa kuposa BP.

Amayi aang'ono: Pamenepo ndamva. Koma nkhawa yanga muisamale. Asamakhale pansi maola atatu osadzuka.

Ine: Tichite chonchi: wotchi ya chesi tisagule. Wotchi ndi imene imathamangitsa mtima, ndipo masewera othamanga ndi amene amavuta kwambiri munthu akamakula. Azisewera modekha, pakatha theka la ola adzuke, ayendeyende panja ndi amene wabwerayo, kenako apitirize. Akatopa, bolodi lizikhala momwemo mpaka tsiku lina.

Amayi: Ndikapita nawo kokayezetsa BP ndikawafunsanso adokotala kuti mtima wanu ukhale pansi, mng'ono wanga.

Amayi aang'ono: Zikomo achemwali. Ine chesi sindiidziwa, koma ndizibwera kudzayenda nawo.

Achimwene: Nanga ife okhala kutali? Ndimaganiza zowaikira pa foni Lichess, pulogalamu yosewerera chesi pa intaneti, ndi yaulere.

Amalume: Foni aiwaleni. Zala zawo zimanjenjemera, adina polakwika n'kukhumudwa. Gulani bolodi lokhala ndi zilembo a mpaka h ndi manambala 1 mpaka 8 m'mbali. Inu muziimba foni n'kunena kumene mwayenda, iwo azisuntha zidutswa zonse pa bolodi lawo. Anthu ankasewera chesi kudzera m'makalata kalekale intaneti kulibe.

Achimwene: Ganizo labwino kwambiri Amalume. Ndatenga Lamlungu madzulo.

Ine: Ine Lachiwiri ndikaweruka.

Amalume: Loweruka ndi langa. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi nonse: musamawagonjere dala. Amazindikira msanga, ndipo zimawapweteka kuposa kugonja kwenikweni.

Msuweni: Mwana wanga wa zaka 9 uja wakhala akundivutitsa kuti ndimuphunzitse. Ndizibwera naye Lachinayi, amuphunzitse ndi Agogo. Pa msinkhu wakewu agwira msanga, ndipo Agogo akhala ndi wophunzira wawo.

Amayi: Zimenezo ziwasangalatsa kwambiri. Ndiye zopereka tumizani kwa ine pofika Lachisanu. Wokagula ndani?

Ine: Ndipita ndine. Ndikayang'ana la zidutswa zolemera zosagwa msanga, zakuda ndi zoyera zosiyana bwino. Ndikatumiza zithunzi muno ndisanalipire.

Amayi aang'ono: Ukaonenso nyale ya patebulo, pabalaza paja madzulo pamachita mdima.

Ine: Ndalemba, Amayi aang'ono. Amalume, tebulo lija ndi lalikulu bwanji? Mundiyezere mukapita Loweruka.