Pisitoni yakanirira njinga ili pa liwiro: kodi kukonza kumtunda kokha n'kokwanira?

Akuluakulu amene mwakhala zaka zambiri mukuyendetsa njinga zamoto, ndikupempha nzeru zanu. Sabata yatha njinga yanga ya 150cc inazima mwadzidzidzi ndili pa liwiro, tayala lakumbuyo n'kuyamba kukhukhuluzika pamsewu, moti ndikanapanda kufinya kilatchi msanga ndikanagwa. Masiku atatu izi zisanachitike, injini inkagogoda ikatentha ndiponso inkatulutsa utsi wabuluu, koma ndinanyalanyaza, ndipo ndikuvomereza kuti pamenepo ndinalakwitsa ndine.

Makaniko atamasula anapeza kuti pisitoni yakanirira m'silinda, maring'i athyoka, ndipo mu oyilo wochepa amene anatsalamo munali tizidutswa tachitsulo tonyezimira. Iwo akuti angokulitsa silinda n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Ine mtima sukundikhazikika, chifukwa tizitsuloto tikhoza kukhala kuti tinawononga kale mabering'i a crankshaft, komanso pampu ya oyilo sanaiyang'ane n'komwe.

Kodi alipo pakati panu amene zoterezi zinawachitikirapo? Mutakonzetsa kumtunda kokha, njinga inayenda nthawi yaitali bwanji isanavutenso, kapena munachita kumasula injini yonse? Nanga pali njira yodziwira kuti crankshaft yawonongeka popanda kutsegula injini pansi?