Thandizeni: adzukulu amasiye angapeze kanthu pa chuma cha agogo awo?

Assalam alaikum abale ndi alongo a pagulu pano. A admin, chonde mundibisire dzina.

Ndine mayi wa ku Nkhotakota, kwathu ndi cha ku Chia. Bambo athu anatisiya miyezi iwiri yapitayo, Allah awakhululukire. Anali msodzi, ndipo asiya boti la injini, chilimira, nyumba ya malata kuboma ndi kandalama kubanki. Akazi asiya awiri, mayi anga ndi mayi aang'ono, onse akadali pa eda (nthawi yomwe mkazi amakhala panyumba mwamuna wake akamwalira). Ana amoyo tilipo asanu, amuna awiri, akazi atatu. Agogo, mayi awo a bambo, nawonso alipo.

Chondisowetsa tulo ndi ichi. Achimwene athu oyamba kubadwa anamwalira zaka zinayi zapitazo n'kusiya ana awiri, ndipo bambo ndiwo ankawalera. Titakhala pansi pa mtengo wa mango kuti tikambe za chuma, achimwene ena anati pa Chisilamu anawa alibe gawo poti bambo awo anatsogola. Wamkuluyo, mtsikana wa Fomu 2, anali pomwepo akusambitsa alendo m'manja. Anangoika beseni pansi n'kupita kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo sanadye.

Koma bambo ali m'chipatala anauza ashehe a pamzikiti pathu, ine ndi mayi aang'ono tili pompo, kuti chilimira chikhale cha ana a malemu achimwene aja kuti aphunzirire. Sanalembe. Kwinaku azakhali akuti boti ndi la mwana wawo, msuweni wathu, poti mwambo wathu chuma cha amalume chimapita kwa mwana wa mlongo, komanso ndiye wakhala akupita nalo panyanja.

Kodi ndi zoona kuti anawa angotuluka chimanjamanja? Nanga tigawane bwanji osalakwira Mulungu?

Mphunzitsi wa madrasa, Salima:
Wa alaikum salaam. Pepani ndi maliro, mlongo. Musathamangire kugawa. Poyamba chotsani zomwe zinalowa pa maliro, kenako ngongole zonse, kuphatikizapo mahari (mphatso ya ukwati yomwe mwamuna amapereka kwa mkazi) ngati mayi wina sanamalizidwe kupatsidwa, kenako wasiya (zomwe malemu analamula asanamwalire kuti zipatsidwe kwa wina). Chotsala ndicho mirathi, chuma chogawana alowam'malo, ndipo magawo ake ali mu Surat An-Nisa, ndime 11 ndi 12. Poti pali ana, akazi atenga gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo gawo lomwelo agawana awiriwo. Agogo atenga limodzi mwa magawo 6. Chotsala ndi cha ana, wamwamuna kutenga kawiri ka wamkazi. Tiyerekeze kuti zatsala K16,800,000. Akazi K2,100,000, aliyense K1,050,000. Agogo K2,800,000. Zotsala K11,900,000 muzidule pasanu ndi pawiri: mwana wamkazi aliyense K1,700,000, wamwamuna aliyense K3,400,000.

Za adzukulu, achimwene anu anena theka la nkhani. N'zoona kuti mwana wamwamuna akakhala wamoyo amatchinga adzukulu pa mirathi. Koma pa chifukwa chomwecho wasiya ukuwagwira, poti wasiya umaperekedwa kwa amene si alowam'malo, malinga usapyole limodzi mwa magawo atatu a chuma. Mawu a pakamwa a bambo anu, mboni zilipo, ndi wasiya ndithu. Yerekezani mtengo wa chilimira. Ngati sukupyola malirewo, ndi cha anawo wina aliyense asanatenge ngakhale tambala. Ukapyola, chapamwambacho chifunika chilolezo cha alowam'malo.

Bambo wa ku Dwangwa:
Koma msuweniyo musamutaye. Munthu wagona panyanja usiku ndi nyali, mwera ukumumenya, lero achoke opanda kanthu? Makolo athu sanali opusa poika mwambo uja.

Mphunzitsi wa madrasa, Salima:
Akulu, kuvutika kwake sitikukana. Ngati anasonkhapo pogula injini, yakeyo achotse kaye, si ya malemu. Ngati pali malipiro omwe sanalandire, imeneyo ndi ngongole, ilipidwe. Koma mwana wa mlongo salowa pa mirathi ana a malemu ali moyo. Ndime 8 ya sura yomweyo ikutiuza kuti achibale, amasiye ndi osauka akapezeka pogawa, tiwapatseko kanthu ndi kuwayankhula mawu abwino. Msuweniyo ndi adzukuluwo onse akulowa mmenemo.

Mayi wa ku Lifuwu:
Mlongo wanga, zakozi zinandionekera ineyo. Amuna anga atamwalira, alamu anatenga mpunga wonse m'nkhokwe ine ndili pa eda, sindinathe n'kutuluka komwe kukadandaula. Ndiye ndikuti lembani zonse lero lomwe, boti, injini, maukonde, ngakhale mafiriji ngati alipo, aliyense asaine. Mayi anuwo asasainitsidwe kanthu ali m'chisoni. Katundu amene anagula ndi ndalama zawo za geni ndi wawo, asalowe m'gulu la zogawa.

Mnyamata wophunzira zamalamulo:
Kumbukiraninso kuti dziko lili ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo lamuloli limaika patsogolo mkazi, ana ndi amene ankadalira malemu. Ku khoti wilu amafuna yolembedwa, ya mboni ziwiri, choncho mawu a m'chipatala aja adzalimba banja likagwirizana n'kuwalemba. Za ndalama za kubanki yambirani ku ofesi ya DC.

Wofunsa:
Jazakumullah khair nonse. Sindinkadziwa kuti mawu aja a bambo ali ndi mphamvu chotere. Ndawaimbira ashehe, avomera kubwera Lachisanu tikatuluka ku Juma kuti adzabwereze pamaso pa onse zomwe anamva. Achimwene aang'ono avomera kale, aakulu sanandiyankhe. Ine pa gawo langa ndipatulapo fizi ya mtsikana uja mpaka alembe MSCE. Funso lina kwa aphunzitsi: boti sitikufuna kuligulitsa poti ndilo likutidyetsa. Kodi n'zololedwa kulisiya likugwira ntchito, n'kumagawana ndalama za usipa potsata magawo omwewa?