Agogo akuona anthu omwe ife sitikuwaona, tiyambire kuti?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Limbuli kuno. Agogo anga aakazi ali ndi zaka 79, maso onse awiri anachita ng'ala moti munthu amamudziwira mawu basi. Chiyambire mwezi wathawu, dzuwa likamalowa amaona timaazimayi tating'ono, msinkhu wa botolo la Fanta, titabereka madengu a tiyi, tikudutsa pamkeka mondondozana. Timaazimayito sitilankhula. Iwo amangoseka, amvekere "ndikudziwa palibe, koma nditi apa." Mutu wawo ndi wabwinobwino, ndalama ya Mtukula Pakhomo sungawabere ngakhale K100.

Amalume akuti tiwoloke nawo Muloza kwa sing'anga. Pachitsime ayamba kale kunong'ona za ufiti, ndipo mukudziwa zomwe zimagwera okalamba mphekesera zotere zikakula. Ndi zimenezo zikundisowetsa tulo.

Ndinawerenga pa intaneti za vuto lotchedwa Charles Bonnet, dzina la munthu wa ku Geneva amene mu 1760 analemba za agogo ake aamuna, a ng'alanso, omwe ankaona anthu ndi mbalame kulibe. Ofufuza akuti ubongo sumangodikira zochokera m'maso, umalosera zomwe uone. Maso akasiya kutumiza zokwanira, umadzaza wokha mpatawo ndi zithunzi zomwe unasunga. Agogowa anathyola tiyi moyo wawo wonse, ndiye madenguwo sakundidabwitsa. Kodi ndipite nawo kwa a maso ku Queens, kapena ndi nkhani ya ku Zomba Mental?

Mayi a Tadala: Yambani ndi maso. Apongozi anga ku Bvumbwe ankaona nkhuku pabedi, atawachotsa ng'ala zinachepa kwambiri. Madzulo muziwayatsira nyali yowala.

Namwino wa ku Thyolo: Achimwene, musanakwere minibasi ya ku Blantyre, akawayeze kaye malungo, shuga ndi mkodzo pachipatala chapafupi, mutengenso mankhwala onse omwe akumwa. Matenda a m'chikhodzodzo okha amasokoneza nkhalamba mpaka kuona zideruderu. Muonenso ngati manja akunjenjemera kapena ayamba kuiwala, chifukwa matenda a muubongo otchedwa Parkinson's (onjenjemeretsa) ndi dementia ya Lewy body (oiwalitsa) amachititsanso zomwezi. Kafukufuku wa masiku ano walimbikira pomwepo: kuona kapena kumva zopanda pake sikuti ndi misala nthawi zonse, gwero lake limasiyana. Kwa omva mawu, ku King's College London anayesa njira yoti wodwala apange nkhope ya mawuwo pa kompyuta n'kumaphunzira kuiyankha molimba mtima, zotsatira zinatuluka mu 2018. Koma agogo anuwo mawu sakumva, ndiye za Zomba zidikire.

Che Bwanali: Amalumewo apite nawo limodzi, akamve okha kwa dokotala. Mukawauza inu, aziti mwana wasukulu wayamba mwano.

Wofunsa: Zikomo nonse. Lolemba tiyambira kuyezetsa magazi. Amene akudziwa, ku Queens kwa a maso amafuna kalata yochokera kuchipatala cha boma kuno, kapena timangofika?